Kalata yotseguka kwa oyendetsa maphunziro a ntchito zamanja: ana tinawapatsa masatifiketi aja ali kuti?

Kwa nduna zoona za maphunziro ndi zantchito, akuluakulu a mabungwe oyesa mayeso a zaumisiri, eni ndi oyendetsa makoleji a ntchito zamanja,

Olemekezeka,

Ine ndine mphunzitsi wa zowotcherera zitsulo. Ntchitoyi ndaigwira nthawi yaitali ndithu, moti ena mwa anyamata amene ndinkawagwira dzanja tsiku lawo loyamba kuyatsa ndodo yowotcherera, lero amabwera atatsogoza ana awo kudzawalembetsa. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa cha funso limodzi limene makolo amandifunsa chaka chilichonse tikamatsegulira. Amandikokera pambali, n'kutsitsa mawu: "Aphunzitsi, tiuzeni zoona. Mwanayu akamaliza adzaipeza ntchito? Nanga ikapezeka, malipiro ake adzamukwanira?" Ndimawatchulira awiri kapena atatu amene zinawayendera, iwo n'kugwedeza mutu, n'kupita kukalipira fizi. Koma awiri kapena atatu si yankho. Yankho lenileni likanakhala loti mwa ana 100 amene anatuluka pano zaka zitatu zapitazo, akutiakuti ali pa ntchito imene anaphunzira, akutiakuti anatsegula zawo, ena akugwira zosiyana ndi zimene anaphunzira, ena ali chikhalire pakhomo, ndipo ambiri amapeza ndalama zakuti pamwezi. Yankho lotere mulibe m'kabati iliyonse ya pasukulu pathu, ndipo m'malipoti anu amene amatifika sindinalionemo. Nkhani imene ndabwera nayo kwa inu ndi imeneyi. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndiyambe ndi mnyamata wina amene sachoka m'maganizo mwanga. Anali wofatsa, wosajomba, wa dzanja lokhazikika. Anakhoza bwino, ndipo tsiku lomaliza anajambulitsa atavala gauni, mayi ake ali pambali misozi yachimwemwe ili mbwembwembwe. Patapita chaka ndi theka anandipeza ku wekishopu, atanyamula envulopu yapulasitiki mmene ankasungamo satifiketi kuti isanyowe. Anandifotokozera zimene zinamuchitikira pa kampani ina yopanga mathanki ndi mafelemu a madenga. Kapitawo wa pamenepo envulopuyo sanaitsegule n'komwe. Anatenga zidutswa ziwiri za chitsulo chochindikala, n'kuziimika, n'kumuuza kuti, "Lumikiza izi chokwera." Mnyamatayo anayesa. Chitsulo chosungunuka chinayamba kuyenderera pansi ngati phula, ndipo msoko unatuluka wamabowomabowo. Kapitawo uja anaugogoda ndi hamala kawiri, unathetheka. Anamuuza kuti azipita, adzamuitana. Mpaka lero.

Chimene chinandipweteka n'chakuti chifukwa chake ndinkachidziwa. Chaka chimene iye ankaphunzira, ana oposa 30 ankalimbirana makina awiri, ndipo ndodo zinatha teremu isanafike pakati. Kuwotcherera chokwera ndinawaphunzitsa pa bolodi ndi choko. Pa mayeso anafunsidwa kuti afotokoze mmene amachitira, ndipo anafotokoza bwino zedi. Pepala limene ananyamula linkanena kuti amatha ntchito imene manja ake anali asanaizolowere, ndipo ine ndinali mmodzi mwa amene anaikira umboni. Mayi ake aja anadzimana zambiri pokhulupirira pepala limenelo. Koma m'kaundula wanu mnyamatayu ali m'gulu la amene zinawayendera: analowa, anamaliza, analandira satifiketi.

Apa ndiye pagona nkhani. Zimene mumawerenga ndi zokhazo zimene munthu angawerenge ali mu ofesi: nyumba zimene zamangidwa, ana amene alembetsa, amene alemba mayeso, amene avala magauni. Zonsezi zimathera pa geti la sukulu. Koma mwana sabwera kudzaphunzira ukalipentala, umakanika, zamagetsi kapena utelala chifukwa cholakalaka gauni. Amabwera chifukwa tinamuuza kuti luso lidzamudyetsa, tinamuuza kuti ukaipa dziwa nyimbo. Ngati tinanena zoona kapena tinanama, zimaoneka patapita chaka, zaka zitatu, zaka khumi, kunja kwa geti kumene maso anu safikako.

Si ine woyamba kuda nkhawa imeneyi. Mu 1965, katswiri wa zamaphunziro Philip Foster, atafufuza sukulu za ku Ghana, anachenjeza maboma amene anali atangolandira ufulu wodzilamulira kuti kusintha silabasi sikulenga ntchito. Iye anaona kuti ana ndi makolo sankathawa maphunziro a zaulimi ndi zaumisiri chifukwa cha ulesi kapena matama. Ankangoona kumene kunali malipiro, ndipo nthawi imeneyo malipiro anali ku ntchito za mu ofesi. Patapita zaka 20, George Psacharopoulos ndi William Loxley anayerekeza ana a ku Colombia ndi ku Tanzania amene anaphunzira ku sekondale zophatikizamo ntchito zamanja ndi anzawo a ku sekondale wamba. Sukulu zophatikizazo zinkadya ndalama zambiri, koma phindu lake pa ntchito ndi malipiro a anawo silinkaoneka molingana ndi ndalamazo. Ndiyeno mu 2017, David McKenzie wa ku World Bank anasonkhanitsa zotsatira za mapulogalamu ophunzitsa achinyamata ntchito m'mayiko amene akutukuka kumene, mapulogalamu amene anayesedwa mosamala poyerekeza ophunzitsidwa ndi osaphunzitsidwa osankhidwa mwamaere. Anapeza kuti mwa anthu 100 alionse opatsidwa mwayi wa maphunzirowo, osakwana atatu ndi amene anapeza ntchito imene sakanaipeza popanda maphunzirowo. Pamenepo n'kuti kuphunzitsa munthu mmodzi kukudya madola 1,000 mpaka 2,000.

Kwa munthu amene wathera moyo wake pa ntchito imeneyi, manambalawa ndi owawa kumeza. Koma sindingawatsutse, chifukwa ndinawaona akuyenda ndi miyendo, atanyamula maenvulopu apulasitiki.

Komatu musandimve ngati ndikuti tsekani makoleji. Ayi ndithu. Pali umboni wina umene umandipatsa mphamvu zodzukira m'mawa, ndipo ndikufuna muumvetsetse chifukwa ndi umene ukusonyeza pamene pali udindo wanu. Ku Uganda, akatswiri ofufuza mogwirizana ndi bungwe la BRAC anatsata achinyamata pafupifupi 1,700 kwa zaka zinayi. Ena anawatumiza kwa miyezi 6 ku makoleji a ntchito zamanja osankhidwa bwino, kukaphunzira zowotcherera, umakanika, zamagetsi, zomangamanga, zamipope, utelala, kukonza tsitsi ndi zophikaphika. Ena anawapereka m'manja mwa eni mabizinezi ang'onoang'ono kuti aphunzire akugwira ntchito, kwa miyezi yomweyo. Ena sanapatsidwe kalikonse. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2020, zinaonetsa kuti magulu awiri ophunzitsidwawo anapezadi luso, ndipo poyamba onse zinkawayendera. Koma m'kupita kwa nthawi, ophunzira kwa amisiri aja anayamba kubwerera m'mbuyo, pamene a ku koleji anapitirira, n'kumapeza ndalama zoposa za osaphunzitsidwa aja ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chinawasiyanitsa n'chiyani, pamene luso onse anali nalo? Wa ku koleji ntchito ikamuthera ankagogoda pakhomo lina, n'kuonetsa pepala lodziwika, n'kulembedwa msanga. Wa kwa mmisiri luso lake ankalidziwa ndi bwana wake yekhayo, ndipo akasiyana naye ankakayambiranso pansi kwa munthu wosamudziwa.

Ku Johannesburg kunachitika china chimene chinandidabwitsa kwambiri. Achinyamata ofuna ntchito pafupifupi 7,000 anayesedwa ku bungwe la Harambee pa zinthu monga masamu ndi kumva komanso kufotokoza nkhani. Sanaphunzitsidwe chatsopano chilichonse. Ena anangopatsidwa pepala loonetsa mmene anakhozera, lokhala ndi dzina lawo ndi chizindikiro cha bungwe limene olemba ntchito amalidziwa, pamene ena sanapatsidwe. Patangopita miyezi yochepa, mwa anthu 100 alionse okhala ndi pepalalo, opeza ntchito anachuluka ndi asanu kuposa a gulu linalo, ndipo ndalama zimene ankapeza zinali zokwererapo. Anthu ake anali omwewo, nzeru zawo zomwezo. Chimene chinawonjezeka ndi mboni yodalirika yowalankhulira.

Satifiketi ntchito yake ndi imeneyo, kukhala mboni. Wolemba ntchito sakumudziwa mwana wathu, alibe nthawi yokhala naye miyezi itatu kuti amuone, ndipo akuopa kuononga katundu wa kasitomala. Amafuna wina amene amamukhulupirira amuuze kuti uyu amatha. Koma mboni ikanama kangapo, bwalo limasiya kuimvera ngakhale tsiku limene yanena zoona. Kapitawo uja amene sanatsegule envulopu sanali wankhanza. Ananamizidwapo kale ndi mapepala okongola, mpaka anaphunzira kukhulupirira hamala yake yokha. Choncho satifiketi iliyonse imene mumalola kuti iperekedwe kwa munthu amene sanayesedwe ndi manja, imatsitsa mtengo wa masatifiketi ena onse, kuphatikizapo a ana amene anakhetsa thukuta n'kuidziwadi ntchito.

Vutoli silisankha dziko losauka kapena lolemera. Ku England, lipoti la Alison Wolf limene linatuluka mu 2011 linapeza kuti achinyamata osachepera 350,000 a zaka 16 mpaka 19 ankapindula pang'ono kapena osapindula n'komwe ndi maphunziro amene ankachita, chifukwa masatifiketi ambiri a m'munsi analibe mphamvu pamaso pa olemba ntchito. Gwero lake linali njira yoperekera ndalama ndi yoyamikira sukulu: sukulu inkapindula ikakhozetsa masatifiketi ambiri, ndiye inkakankhira ana ku makosi osavuta kukhoza. Ku America, makoleji a kampani ya Corinthian anagwa mu 2015, boma litawalipiritsa chindapusa cha madola pafupifupi 30 miliyoni chifukwa chonama pa chiwerengero cha ophunzira awo amene anapeza ntchito. Ophunzira zikwizikwi anatsala ndi ngongole ndi mapepala opanda pake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Phunziro lake kwa inu n'lakuti chimene mumalipira ndi chimene mudzakolole: mukamalipira koleji potengera mitu ya olembetsa, mudzapeza makalasi odzaza ndi mawekishopu opanda ndodo. Ndipo mukalekera koleji kuti izidziwerengera yokha ana ake opeza ntchito, idzawerenga mokomera mphika wake.

Anthu ambiri akamakamba nkhaniyi amathamangira kutchula Germany, ndipo ena mwa inu munapitako kukaona. Kumeneko mwana amasaina mgwirizano ndi kampani, amalandira kangachepe mwezi uliwonse, amakhala masiku atatu kapena anayi pa sabata ku ntchito ndipo otsalawo kusukulu, kwa zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka, m'ntchito zovomerezeka zoposa 300. Lamulo loyendetsa zimenezi linakhazikitsidwa mu 1969, ngakhale mwambo wake ndi wakalekale. Mayiko ambiri ayesa kukopera njirayi n'kulephera, chifukwa imafuna makampani ambiri okhazikika amene ali okonzeka kulipira wophunzira. Sindikukupemphani kuti mubzale mtengo wa eni m'dothi limene sungamere. Koma muli chinthu chimodzi m'menemo chimene sichifuna chuma chambiri. Mayeso omaliza sayesa ndi mphunzitsi amene anaphunzitsa mwanayo yekha. Amayendetsa ndi mabungwe a eni makampani ndi a amisiri, ndipo pa gulu la oyesa pamakhala oimira olemba ntchito, oimira ogwira ntchito ndi aphunzitsi. Munthu amene mawa adzalembe mwanayo ntchito amakhala nawo pomuyesa lero. N'chifukwa chake akaona pepalalo sakayika, pakuti dzanja lake lili pomwepo.

Ine monga mphunzitsi ndikupempha kuti mundilande mphamvu yoikira ndekha umboni ana anga. Ndimawakonda, ndimadziwa mmene makolo awo avutikira, ndipo mtima umandigwira ndikafuna kulepheretsa mwana pa chinthu chimene sukulu sinamupatse mpata wochiyeserera. Abwere kapitawo wa hamala uja adzagogode msoko mwanayo asanalandire pepala. Ukathetheka, vuto lionekere m'kati mwa geti, pamene tingathe kulikonza, ndipo lionekere kwa inu amene mumagawa ndalama zogulira zipangizo.

Pali chinthu chinanso chimene sitiuza makolo, mwina chifukwa chimaoneka patali. Mu 2017, Eric Hanushek ndi anzake anasindikiza kafukufuku wa m'mayiko 11 amene anayerekeza anthu ophunzira ntchito zamanja ndi ophunzira maphunziro wamba, kuyambira ali achinyamata mpaka kukalamba. Poyamba wa ntchito zamanja ndiye amatsogola: amalowa ntchito msanga pamene mnzake akadayendayenda ndi makalata. Koma mpatawo umanka nuchepa, ndipo pofika zaka za m'ma 50 zinthu zimatembenuka, wa maphunziro wamba ndiye amakhalabe pa ntchito. Zimenezi zinaoneka kwambiri m'mayiko omwe aja otchuka ndi kuphunzitsira ku kampani. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa kwa munthu wa m'wekishopu. Ntchito imasintha. Makanika amene ankatchuka pokonza kabyuleta lero galimoto imamufunsa kompyuta. Ife amene tinakulira pa ndodo taona makina a waya ndi gasi akulowa, ndipo m'mafakitale akuluakulu misoko yambiri akuwotcherera ndi maloboti. Thupi nalo limatopa: maso, msana, mawondo. Amene amapulumuka ndi amene amatha kuwerenga buku la makina atsopano, kumva pulani ya injiniya, kuwerengetsa mtengo wa ntchito, kulemba kalata yopempha kontirakiti, n'kusanduka kapitawo kapena mwini bizinezi manja akayamba kunjenjemera.

Ndiye zimandimvetsa chisoni ndikamaona masamu ndi chilankhulo zikuchotsedwa kapena kupeputsidwa m'makosi athu, ati poti awa ndi ana a manja, za m'mabuku zinawakanika kale. Kutero n'kumupatsa mwana chakudya cha zaka khumi n'kumumana cha zaka makumi atatu zotsatira. Ku Switzerland, kumene achinyamata pafupifupi awiri mwa atatu alionse amalowa njira ya ntchito zamanja akamaliza sukulu yokakamiza, anasiya khomo lotsegula: wophunzira ntchito akhoza kulemba mayeso owonjezera n'kupita ku yunivesite ya zaumisiri. Makolo a kumeneko saopa kutumiza mwana wanzeru ku umisiri chifukwa akudziwa kuti njirayo sithera pakhoma. Kumene satifiketi ya mmisiri siwerengedwa akafuna kupitiriza maphunziro, makolo amaiona ngati kotayira olephera, ndipo simungawadzudzule. Akuchita zomwe zija anaona Foster, kuyang'ana kumene njira ikupita.

Ndinenepo za atsikana, chifukwa apa ndi pamene kusowa kwa manambala kumapweteka koposa. Tsiku lolembetsa ndimaona zomwezomwezo chaka ndi chaka. Mtsikana amaima pakhomo la wekishopu yathu, kuyang'ana moto wa buluu uja mwachidwi, kenaka wina amamugwira paphewa n'kumulozera ku chipinda cha makina osokera kapena cha zokonza tsitsi. Palibe amene amamuuza kuti kumeneko amaliza anthu angati chaka chatha, ndipo akulimbirana makasitomala angati. Kafukufuku wa World Bank ku Uganda anapeza kuti amayi amene analowa ntchito zimene anthu amati n'zachimuna, monga zazitsulo ndi zamagetsi, ankapeza ndalama zofanana ndi amuna, kuwirikiza pafupifupi katatu zimene ankapeza amayi anzawo a m'ntchito zozolowereka, ndipo ambiri mwa otsalira ku ntchito zozolowerekazo sankadziwa n'komwe za kusiyanaku. Sindikunyoza utelala, ndi luso lolemekezeka. Koma mtsikana asankhe akudziwa. Ndipo akasankha, kumusunga kuti amalize ndi nkhani inanso. Ku Malawi, kafukufuku wa pulogalamu ya TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, yophunzitsira achinyamata kwa amisiri, amene anatuluka mu 2013, anaonetsa kuti atsikana ankasiyira panjira kawirikawiri chifukwa cha udindo wa pakhomo, matenda ndi kutalika kwa mtunda, ndiponso kuti phindu la maphunzirowo linkapendekera kwa anyamata. Lipoti longonena kuti talembetsa atsikana ochuluka chonchi silingakuonetseni zimenezi.

Musaiwalenso amisiri amene sanapondepo pa koleji. M'mayiko ambiri a mu Africa ndi ku Asia, achinyamata ochuluka amaphunzira ntchito m'magalaja, m'mashedi a akalipentala ndi pa malo omanga nyumba, kuposa amene amaphunzira m'makalasi athu. Ndikudziwa amisiri amene msoko wawo ine sindingaufikire, koma ntchito yaikulu ikalengezedwa amatsala panja chifukwa alibe pepala, n'kumalembedwa ngati othandizira a munthu amene iwowo akumuphunzitsa. Awa ndi anzawo a achinyamata a ku Uganda aja amene luso lawo linkadziwika ndi bwana mmodzi. Mu 2023 bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO linavomereza mfundo zatsopano zokhudza kuphunzira ntchito kwa amisiri, ndipo mwa zina linalimbikitsa kuti luso limene munthu analipeza kale lizivomerezedwa. Atsegulireni khomo la mayeso a manja pa mtengo umene angakwanitse, popanda kuwakakamiza kukhala m'kalasi zaka ziwiri kuphunzira zimene amachita tsiku ndi tsiku.

Tsono pempho langa lalikulu ndi ili: tsatirani ana athu akatuluka, ndipo zimene mwapeza muziike poyera. Si ntchito yodula poyerekeza ndi kumanga nyumba imodzi ya makalasi. Mwana aliyense akamamaliza asiye nambala yake ya foni ndi ya m'bale wake. Pakatha miyezi 6, kenaka zaka zitatu, kenaka zisanu, wina amuimbire n'kumufunsa mafunso ochepa: uli pa ntchito kodi, ndi imene unaphunzira, walembedwa kapena ndi yako, umapeza zingati, unasowapo ntchito kwa miyezi ingati. Woimbayo asakhale wa pakoleji pomwepo. Zotsatira zituluke chaka chilichonse, kosi ndi kosi, koleji ndi koleji, za anyamata pazokha ndi za atsikana pazokha, zolembedwa m'chilankhulo chimene mayi wa mnyamata uja angamve, n'kumatidwa pa geti pomwe amalipirira fizi. Ku Singapore, makoleji a zaumisiri a boma amatulutsa chaka ndi chaka chiwerengero cha omaliza maphunziro amene apeza ntchito ndi malipiro awo, ndipo mwana amasankha kosi ataona. Si zachilendo, ndipo sizifuna nzeru zakuya.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu anganene. Mudzati manambala otere adzachititsa manyazi makoleji ena, makamaka amene amalandira ana osauka ndi amene sanakhoze bwino kusekondale. Nkhawa imeneyo ndi yoona, ndipo koleji yotero isayerekezedwe mwachisawawa ndi imene imasankha okhoza okhaokha. Yerekezani ana ofanana, ndipo muone pamene mwana anayambira. Koma kubisa manambala sikuteteza mwana wosauka, kumateteza amene akumudyera fizi. Mudzatinso vuto si sukulu, vuto ndi lakuti ntchito kulibe. Nthawi zina zimenezo n'zoona, ndipo mphunzitsi sangawotcherere ntchito kuti ikhalepo. Koma ngati ntchito za kosi inayake kulibe, n'chifukwa chiyani tikupitiriza kulandira ana makumimakumi chaka chilichonse n'kuwauza kuti tsogolo lawo lawala? Kosi imene ana ake akungokhala kwa zaka zitatu zotsatizana ichepetsedwe kapena isinthidwe, ndipo ndalama zake zipite kumene olemba ntchito akudandaula kuti akusowa anthu. Ngati kosi imeneyo idzakhale yanga, ndidzavomera. Kuli bwino ndiphunzitse ana 12 amene aliyense ali ndi makina ndi ndodo zokwanira, kusiyana ndi 30 amene ndidzakumane nawo pa msewu n'kumazemba maso awo.

Ndipo kwa amene adzayambe zawo, kumbukirani kuti luso lopanda zida ndi njala ndithu. Ku Uganda komweko, boma litapereka ndalama kwa magulu a achinyamata mu 2008 kuti alipirire maphunziro ndi kugula zida, patapita zaka zinayi opatsidwawo ankapeza ndalama zambiri kuposa anzawo, ngakhale kuti pofika zaka 9 anzawowo anali atawapeza. Zida sizichita zozizwitsa, koma zimafupikitsa zaka zimene mwana amataya akusonkhanitsa ndalama yogulira makina ake oyamba, zaka zomwe dzanja limaiwala zimene linaphunzira.

Mnyamata wa envulopu uja ndinamulola kuti azibwera madzulo ana ena akaweruka. Ndodo tinkagula tokha. Zinamutengera masabata asanu ndi limodzi kuti msoko wake wokwera uyambe kupirira hamala, masabata amene anayenera kuwapeza asanavale gauni. Panopa akugwira ntchito, ndipo amasamala mayi ake. Koma anzake a chaka chimenecho anali oposa 30, ndipo amene anabwerera kudzandiuza zimene zinamuchitikira ndi iye yekha.

Posachedwapa titsegulira, ndipo makolo ena adzandikokeranso pambali. Ndikupemphani kuti pofika chaka chamawa nthawi ngati ino, mudzakhale mutandipatsa pepala limodzi la manambala oona loti ndidzawaonetse.

Ine wanu pa ntchito yophunzitsa ana athu,

Mphunzitsi wa zowotcherera zitsulo